Mmene mungawolotsere katundu wa abinomo pa njanji osakumana ndi sitima

Mageti, belu ndi magetsi ofiira amene amaikidwa pomwe msewu wadutsa njanji anawakonzera galimoto wamba. Amene anawatchera ankaganizira munthu wa kagalimoto kakang'ono, kapena wa lole yabwinobwino, amene akangoponda mafuta ndiye kuti ali kale kutsidya. Sankaganizira inu amene mwasenza thiransifoma, chimakina chokumbira, thanki yaikulu ngati nyumba kapena phiko la makina opangira magetsi ndi mphepo, pa thilela yomwe mimba yake yangotsala pang'ono kukhula pansi. Ku United States, lamulo limangofuna kuti chenjezo liyambe masekondi osachepera 20 sitima isanafike. Katundu wamkulu mopitirira muyeso wotereyu, amene madalaivala amangomutchula kuti abinomo, nthawi zambiri masekondi amenewo amatha iye asanafike ndi pakati pomwe.

Anthu a ku Britain anaphunzira zimenezi ndi maliro. Pa 6 Januwale 1968, chigalimoto chotalika mamita 45 chinanyamula thiransifoma ya matani 120 kuchokera ku Stafford, apolisi ali patsogolo kuperekeza. Chitafika pa Hixon, pomwe panali mageti odzitsekera okha, chinayamba kuwoloka mwa kayendedwe ka birimankhwe, makilomita atatu okha pa ola, antchito akuonetsetsa kuti katundu asayandikire mawaya a magetsi a sitima amene anali pamwamba. Pa liwiro limenelo chinkafunika pafupifupi mphindi yathunthu kuti chichoke pa njanji, pomwe mageti aja ankangopereka masekondi 24. Sitima yochokera ku Manchester kupita ku London inatulukira ili pa liwiro la makilomita pafupifupi 120 pa ola, ndipo anthu 11 anafa. Foni yolankhulira ndi woyang'anira masitima inalipo, pompo pa getipo. Palibe anaigwira. A pa galimoto ankati poti apolisi atsogola ndiye kuti njira ndi yabwino, pomwe apolisiwo sankadziwa kuti katundu wotere amayenera kupempha kaye.

Malangizo onsewa agona pa foni imeneyo. Maso anu, makutu anu ndi belu la pa geti sizokwanira. Chimene chingakupulumutseni n'choti munthu wokhala ndi mphamvu yoimitsa masitima, amene anthu a njanji amangoti a kontirolo, adziwe kuti muli pamenepo, ndipo anene ndi pakamwa pake kuti wolokani. Zina zonse ndi zoti mawu amenewo akamveka, mudutse osaima.

Yambani ndi tepi ndi wotchi

Idziweni galimoto yanu itasenza kale, osati ili yopanda kanthu. Lembani papepala kutalika kwake kuyambira kumphuno kwa hosi (mutu wa galimoto wokoka thilela) mpaka nsonga ya katundu amene watulukira kumbuyo, mulifupi mwake, msinkhu wake kuchokera pansi mpaka pamwamba penipeni, ndi kulemera kwake konse. Pali miyeso ina iwiri imene ambiri amaiiwala, chonsecho ndi imene imakodwetsa anthu pa njanji: mpata wa pakati pa mimba ya thilela ndi nthaka, ndi mtunda wochokera pa matayala omaliza a hosi kukafika pa matayala oyamba a thilela. Lobedi, thilela ija ya mimba yotsika, ikakhala yopanda kanthu imaoneka yokwera bwinobwino, koma ikalandira matani ake imaweramira pakati. Gwadani muyese pomwe yatsika kwambiri. Onaninso miyendo yoimikira thilela, matanki a mpweya, maunyolo ndi zitsulo zomangira zimene zimalendewera kunsi.

Mukatero werengani nthawi. Tiyerekeze kuti galimoto yanu ndi ya mamita 40, ndipo kuchokera pa mzere woimapo mpaka pomwe munthu wachokeratu pa njanji pali mamita 20. Ndiye kuti kuti mchira wanu utuluke, muyenera kuyenda mamita 60. Pa liwiro la makilomita atatu pa ola, amenewo ndi masekondi 72. Pa masekondi 72 omwewo, sitima yothamanga makilomita 100 pa ola imakhala itayenda makilomita awiri. Ndi malo angati pomwe munthu ataima pa msewu angaione sitima ili pa mtunda wa makilomita awiri? Mungasuzumire kumanja ndi kumanzere, kuona kuli zii, mukunena zoona, koma sitima yodzakugundani ili kale m'njira kuseri kwa phiri.

Musayembekezerenso kuti ikakuonani iima. Mawilo a chitsulo pa njanji ya chitsulo sagwira ngati labala pa phula. Sitima ya katundu yoyenda makilomita 88 pa ola imafuna kilomita imodzi ndi theka, kapena kuposa, kuti iime dalaivala wake ataponda kale mabuleki onse. Chiwongolero choti akuzembeni nacho alibe.

Kodi galimoto imayamba pati kukhala yoyenera kupempha? Ku Britain zikwangwani za pa mageti odzitsekera okha zimanena mosapsatira: yotalika kuposa mamita 18.75, yotambalala kuposa mamita 2.9, yolemera kuposa matani 44, kapena yoyenda makilomita 8 pa ola kutsika m'munsi. Dziko lililonse lili ndi miyeso yake, ndipo funsani ya kumene mukudutsa. Koma ngati katundu wanu wafuna chilolezo chapadera ndi omuperekeza, musavutike n'kuwerenga malire. Muli kale m'gulu la opempha.

Yendani njira yonse katundu asananyamuke

Apa m'pamene pagona ntchito yaikulu, ndipo m'pamene anthu amafuna kudumpha chifukwa pamadya mafuta ndi tsiku lathunthu. Mapu a pa foni amakuonetsani kuti apa pali njanji, koma sakuuzani kuti msewu wake wakwera ngati msana wa ng'ombe. Tumizani munthu wodziwa thilela imene idzagwire ntchitoyo, makamaka dalaivala mwini wake, akaone ndi maso powolokera paliponse. Awerenge ponse, ngakhale kanjanji kolowera ku fakitale kapena ku doko, ngakhale komera udzu. Dzimbiri pa njanji si umboni woti sitima inasiya kudutsa.

Choyamba kuona ndi chitunda. Njanji zambiri zimakhala pamwamba kuposa msewu, ndipo zimakwererakwerera ndi zaka: nthawi iliyonse imene akonza njanji amathira miyala ina kunsi kwake n'kuikweza pang'ono, pomwe msewu amangoumata chapafupi pomwepo. Muyeso umene akatswiri a misewu ku United States amatsatira umati pa mtunda wa mamita 9 kuchokera pa njanji, msewu usatsike kapena kukwera kuposa mamilimita 75 poyerekeza ndi pamwamba pa njanjiyo. Malo ambiri akale sakwanitsa zimenezi. Galimoto yaing'ono imangodumpha pang'ono, dalaivala osazindikira kanthu. Lobedi yaitali imati hosi ikatsikira kutsidya, matayala a thilela asanakwere, mimba imakhala pa chitunda. Kulemera kukachoka pa matayala okoka, amangozungulira chabe, ndipo kutsogolo sikupitika, kumbuyo sikubwereka.

Pali njira yosavuta yoyesera. Tengani chingwe chotalika mofanana ndi mtunda wa pakati pa matayala uja munalemba. Anthu awiri achigwire kumapeto, aliyense atachikweza pa msinkhu wofanana ndi mpata wa kunsi kwa thilela yanu, n'kuchikoka kuti chiwongoke. Ayende nacho kudutsa chitundacho monga mmene galimoto idzadutsire, wachitatu akuyang'ana pakati. Chingwe chikakhudza phula kapena njanji paliponse, dziwani kuti thilela yanu idzakhala pamenepo. Chikadutsa ndi kampata ka zala ziwiri, musasangalale: chingwe sichinjanja, sichiphwa mpweya, ndipo sichinasenze matani 80. Yesani mbali imene mudzadutse, chifukwa mbali ziwiri za msewu umodzi sizifanana kawirikawiri. Pomwe njanji yakhota, amakweza dala chitsulo chakunja kuposa chamkati, ndiye pakakhala njanji ziwiri msewu umakhala ngati mano a sowo. Ndipo kuyesa kumeneku kuchitike eni njanji akudziwa, munthu wawo alipo. Kufa ndi tepi m'manja n'kufa ndithu.

Chachiwiri ndi kutsidya. Funso si lakuti kodi ndilowa, koma kodi ndikatuluka ndikaima pati. Ngati patangodutsa njanji pali mphambano, maloboti, mlatho wopapatiza kapena kona yofuna kubwerera m'mbuyo kawiri kuti mukhote, ndiye kuti mutu wanu udzaima mchira uli pa njanji. Ku Halifax, m'chigawo cha North Carolina, mu Malichi 2015, chigalimoto chonyamula katundu wamkulu chinkalimbana ndi kukhota pa mphambano yoyandikana ndi njanji, wapolisi woperekeza alipo, pamene sitima ya anthu ya Amtrak inachiwomba, anthu oposa 50 n'kuvulala. Yesani ndi tepi malo a kutsidyawo. Akhale otalika kuposa galimoto yanu yonse, ndi mamita ena apadera.

Chachitatu, kwezani maso. Pa njanji zambiri za magetsi, waya wa pamwamba amanyamula mavoti 25,000, ndipo mphamvu yotere sidikira kuti muikhudze, imadumpha. Chikwangwani cha msinkhu wololedwa chikati mamita akuti, musati poti waya akuoneka kuti ali pamwamba kuposa pamenepo ndiye tidutsa. Mpata umene anausiyawo ndi wa kudumpha kumeneko. Kumbukiraninso kuti pokwera chitunda katundu amapendekeka, nsonga yake n'kukwera kuposa muyeso umene munatenga pa malo athyathyathya. Chizolowezi chija chokweza mawaya a foni ndi mtengo, munthu ataima pamwamba pa katundu, pa njanji chisayerekezedwe n'komwe. Ozimitsa magetsi amenewo ndi eni njanji okha.

Pomaliza yesani mulifupi: mizati ya mageti, mitengo ya magetsi ofiira, ndi m'mphepete mwa matabwa, konkire kapena labala amene anayala pakati pa njanji. Tayala limodzi likaphonya n'kugwera pa miyala pakati pa zitsulo, mwakodwa mofanana ndi wokhala pamimba uja. Pomwe njanji yadutsa msewu mopingasa, vuto limeneli limakula, chifukwa thilela yaitali simaponda momwe hosi yaponda.

Lembani nambala kapena dzina la powolokera paliponse, jambulani zikwangwani zake, ndipo yesani ngati foni yanu ikugwira pamalopo. Mukapeza kuti pena pake mpokayikitsa, sankhani njira ina ngakhale ikhale yozungulira, kapena sinthani thilela. Ine ndimaona kuti tsiku limodzi lowonjezera pa ulendo silingafanane ndi mphindi imodzi yokhala pa njanji mimba ili pansi.

Uzani eni njanji nthawi ikadalipo

Chilolezo cha a misewu si chilolezo cha a njanji. Ndi maofesi awiri osiyana, ndipo musaganize kuti akupatsani pepala aja awauza anzawo. Pa 30 Novembala 1993, pafupi ndi Intercession City ku Florida, chigalimoto chonyamula makina a matani oposa 80 opita ku malo opangira magetsi chinakhala pamimba pa chitunda cha njanji. Antchito ali mkati molimbana ndi kuchikweza, sitima ya anthu inafika n'kuchiwomba, anthu makumi angapo n'kuvulala. Ofufuza anapeza kuti eni njanji sanauzidwe zoti katundu ameneyo awoloka pamalo amenewo. Safunsa anadya phula.

Lemberani eni njanji masiku kapena masabata angapo ulendo usanachitike. Apatseni miyeso yonse ija, mayina kapena manambala a malo owolokera, tsiku, ola, ndi mphindi zimene mukufuna pa malo alionse. Iwo ndi amene anganene kuti bwerani nthawi yakuti pomwe kulibe sitima, kapena kutumiza munthu wawo wodzaima nanu, kuzimitsa magetsi, kuchotsa geti kwa kanthawi, kapena kuvomereza kuti muyale matabwa ndi zitsulo zochepetsera chitunda. Musayale kanthu pa njanji iwo asanalole. Apempheni nambala yolunjika kwa a kontirolo amene amayang'anira chigawo chimenecho usana ndi usiku, osati ya ofesi imene imatseka madzulo, ndipo iyeseni tsiku lisanafike kuti muone ngati ikuyankhidwa.

Njira ikasintha, kaya chifukwa cha ngozi, mlatho wotsekedwa kapena wapolisi amene wati tidutse uku n'kwachidule, ndiye kuti zonse zayambiranso. Powolokera pomwe simunapaone ndiponso simunapanene, musapaponde.

Tchulani dzina la woimba foni

Gulu likakula, ntchito imagwera pakati. Dalaivala amadalira woperekeza, woperekeza amadalira apolisi, apolisi amadalira kuti kampani inakonza zonse ku ofesi. Zimene zinachitika pa Hixon n'zomwezi, ndipo zimachitikabe. Musananyamuke m'mawa, sonkhanani nonse, apolisi omwe, mutchule munthu mmodzi ndi dzina lake kuti uyu ndiye wolankhula ndi a njanji, ndipo galimoto sisuntha iye asananene. Mutchulenso woima kutsidya kuimitsa magalimoto obwera, woyenda m'mbali kuyang'ana kunsi kwa thilela, ndi woyang'ana mawaya. Aliyense akhale ndi wailesi ya m'manja ndi nambala ya a kontirolo, yolembedwanso papepala lomata m'galimoto iliyonse. Gwirizanani mawu amodzi otanthauza kuti thawani, ndipo aliyense, ngakhale wamng'ono pa onse, akhale ndi ufulu wowanena.

Wapolisi angaimitse magalimoto onse a pa msewu ndi dzanja limodzi, koma dzanja lomwelo sitima siliidziwa.

Mukafika: imani, imbani, bwerezani

Imani patali ndithu ndi njanji, pomwe simukutchinga geti kapena magetsi ofiira, komanso pomwe mungayambe kuyenda n'kufika pa njanji muli kale pa liwiro lokhazikika. Tsikani muonenso. Mwina okonza njanji anadutsa sabata yatha n'kukweza chitunda, mwina mvula yakumba m'mphepete, mwina wina waimika lole kutsidya pomwe munkati mukaima. Onani mpweya wa mabuleki, matayala ndi maunyolo. Ngati thilela yanu imakwezeka ndi mpweya kapena haidiroliki, ikwezeni pano, osati muli pa njanji, ndipo kumbukirani kuti mukakweza mimba mwakwezanso denga.

Kenako imbani. Pomwe pali foni ya a njanji pa geti, gwiritsani ntchito imeneyo. Ku United States pa malo owolokera pamakhala kachikwangwani kabuluu kokhala ndi nambala ya foni ndi nambala ya malowo, ndipo mayiko ena ali ndi zofanana nazo. Lankhulani mwachidule ndi momveka, mwachitsanzo: "Ndine wakutiwakuti, ndili ndi katundu wamkulu woyenda pang'onopang'ono, ndaima pa powolokera nambala yakuti, ndikupempha mphindi zisanu kuti ndiwoloke." Pemphani nthawi yoposa imene munawerengera. Amene amachepetsa mphindi kuti asaoneke wovuta amadzinamiza yekha, chifukwa a kontirolo amayang'ana ngati mpata umene ulipo pakati pa masitima ukukwana mphindi zimene mwanenazo.

Akayankha, bwerezani zimene anena, kutchulanso dzina la malowo, kuti nonse mutsimikize kuti mukunena za malo amodzi. Lembani ola ndi dzina la amene mwalankhula naye. Akati dikirani, dikirani, ngakhale magalimoto a kumbuyo aziliza mahutala mpaka kutopa. Akati kukubwera sitima, ikadutsa imbaninso, musangolowa poona mchira wake, chifukwa pa njanji ziwiri ina imatha kubisala kuseri kwa inzake. Chilolezocho ndi cha nthawi yomweyo basi. Mukachedwa kunyamuka, kaya injini yavuta, kaya woperekeza sanakonzeke, chafa chimenecho, pemphani china. Ndipo musadalire mawu oti sitima ya m'mawa yadutsa kale, ina ndi ya madzulo. Sitima ya katundu, injini yoyenda yokha ndi ngolo za okonza njanji siziyendera ndandanda imene anthu a m'mbali mwa njanji anailoweza.

Foni ikakana kugwira kapena kuyankhidwa, yankho lake ndi lakuti ayi. Tumizani galimoto yoperekeza ikasake pogwira netiweki.

Kuwoloka kwenikweni

Gawo ili ndi lalifupi ngati zam'mbuyozi zachitika. Woperekeza wa kutsogolo awoloke kaye, aimitse magalimoto obwera patali, atsimikize kuti malo anu oimapo ndi opanda kanthu. Wa kumbuyo atseke msewu kuti wina asakutsatireni kapena kuyesa kukupitirirani. Tsitsani magalasi, zimitsani nyimbo. Sankhani giya yotsika imene ingakutulutseni kutsidya, ndipo musaisinthe muli pa njanji, chifukwa giya ikakana kulowa kapena injini ikazima, mwaima pamalo oipitsitsa pa ulendo wonse. Yendani mokhazikika, osagwedeza katundu, osaima kuti muone kanthu. Woona ndi amene ali pansi ndi wailesi. Iye akaona kuti mimba ikufuna kukhudza pansi, hosi isanafike pa njanji, imani mubwerere. Magalimoto a abinomo akakhala awiri kapena atatu, iliyonse iwoloke payokha, ndipo a kontirolo adziwe chiwerengero chake kuyambira poyamba.

Belu likalira muli kale pakati, musaime ndipo musayese kubwerera. Pitirirani. Geti likakutsekerani kutsogolo, lithyoleni. Ndodo imeneyo anaipanga yoti ithyoke, ndipo mtengo wake mudzakambirana muli moyo.

Mchira ukatuluka, woperekeza wa kumbuyo aone ngati simunasiye thabwa, unyolo kapena matope ochuluka m'mipata ya njanji. Mukatero imbaninso foni kunena kuti mwawoloka ndipo njanji ili bwino. Ambiri amaiwala zimenezi chifukwa mtima wakhala kale pansi. Koma munthu uja waimitsa masitima chifukwa cha inu, ndipo mpaka mutamuuza, amayenera kuganiza kuti mukadali pamenepo.

Mukakodwa

Thilela ikakhala pamimba, injini ikazima kapena tayala likagwera, mtima umathamangira kukonza. Dalaivala amaponda mafuta, wina amathamangira jeki, wina amasaka miyala yoika kunsi kwa matayala, aliyense akuti tichotse msanga anthu asanadziwe. Manyazi amenewo ndi amene amadya mphindi zimene zikanaimitsa sitima. Ndondomeko yake ndi iyi, ndipo isasinthidwe: anthu onse atuluke achoke pa njanji, woimba foni aimbe nthawi yomweyo, kukonza kubwere pambuyo a kontirolo atanena kuti masitima aima. Ngakhale munali ndi chilolezo, imbani, chifukwa mphindi munapempha zija zikutha.

Musaganize kuti akukuonani. Pa njanji zambiri, zipangizo zimazindikira sitima chifukwa mawilo ake a chitsulo amalumikiza zitsulo ziwirizo, kamphamvu ka magetsi n'kudutsa. Matayala a labala satero. Chigalimoto cha matani 100 chingakhale pa njanji, ku kontirolo kukuoneka kuti njira ndi yoyera. Malo ena amakono ali ndi makamera kapena zida zozindikira chotchinga, koma simungadziwe ndi maso kuti pamene mwakodwapo ndi pamodzi mwa amenewo.

Poimba, yambani ndi mawu oti ndi zangozi, tchulani malo, nenani kuti njanji yatsekeka ndipo masitima aime mbali zonse. Zofotokoza kuti zinayamba bwanji zibwere pambuyo. Nambala ya a njanji ikakana, imbani ya apolisi kapena ya zangozi. Ngati foni palibiretu, tumizani anthu awiri, wina uku wina uku, ayende m'mbali mwa njanji osati pakati pake, atanyamula nsalu yofiira kapena tochi usiku, apite kutali ndithu, kupitirira kilomita ngati nthawi ilipo. Akaona sitima akweze manja onse awiri kapena agwedeze nsalu kapena tochiyo mwamphamvu. Ngakhale isaime isanafike, liwiro lililonse limene yachepetsa ndi anthu ena opulumuka.

Nthawi zina mpata umenewo sukhalapo n'komwe. Ku Pecos, m'chigawo cha Texas, mu Disembala 2024, sitima ya katundu inawomba chigalimoto cha abinomo chimene chinali chisanachoke pa njanji, ndipo amene anafa ndi antchito awiri a m'sitimamo. Pa Hixon paja, atatu mwa akufa anali m'chipinda cha dalaivala wa sitima. Tikamawerengera za ngozi izi timaganiza za katundu ndi inshuwalansi, koma woyamba kukumana ndi chitsulo chanu ndi munthu amene wakhala kutsogolo kwa sitima, wopanda kothawira.

Sitima ikaoneka kapena belu likalira muli chikodwere, siyani zonse. Thawani kutalikirana ndi njanji, koma mopendekera kumene sitima ikuchokera. Zimamveka zachilendo kuthamangira mbali imene kukuchokera ngozi, koma zidutswa za galimoto ndi katundu zimaulukira kumene sitima ikupita, ndipo ngolo zikagwa zimagweranso komweko. Uzaninso anthu oonerera ndi a magalimoto oima pafupi ndi geti kuti atalikire. Ngati katundu wakhudza waya wa magetsi kapena waya wagwa, wina asayandikire kapena kugwira galimoto mpaka eni njanji atanena kuti azimitsa.

A kontirolo akatsimikiza kuti masitima aima, m'pamene mungayambe kukweza thilela, kuyala matabwa kapena kuitana chokokera, mukuwauza mmene zikuyendera. Galimoto ikachoka, musanene kuti zonse zili bwino pongoona ndi maso. Mimba ya lobedi yolemera ikakhula pa njanji imatha kukankha chitsulo, kuthyola zomangira kapena kusuntha matabwa a pakati, ndipo kusuntha kwa masentimita ochepa n'kokwanira kugwetsa sitima imene idutse mawa lake. Auzeni pomwe munakhudza ndi mmene munakokera, ndipo musachoke mpaka munthu wawo atafika kudzaona.